History, zachilengedwe kapena ndondomeko za boma: sankhani makosi kuyambira kumapeto

Nthawi yolembetsa ku yunivesite ikayandikira, funso limene limabwera mobwerezabwereza ndi ili: "Ndimakonda History, nkhani zachilengedwe zimandikhudza, komanso ndimafuna ndidzagwire ntchito yokonza ndondomeko za boma. Nditenge chiti?" Yankho lalifupi ndi loti musasankhe poona dzina la digiri. Mayina amanyenga. Mayunivesite awiri angathe kukhala ndi digiri ya dzina limodzi, koma ina ikuphunzitsa Chemistry ndi kuyeza madzi mu labu, inayo ikuphunzitsa malamulo ndi kulemba nkhani. Luso limene mudzatuluke nalo lili mu mndandanda wa makosi, ndipo mndandandawo umawerengedwa kuchokera chaka chomaliza kubwerera m'mbuyo. Kachitidwe kake ndi aka.

1. Dziwani ntchito imene phunziro lililonse limakuzoloweza kugwira

Musadzifunse kuti nkhani zake zikukusangalatsani kapena ayi. Dzifunseni kuti tsiku lonse lathunthu muzidzachita chiyani.

History, imene ena amati mbiri yakale, si kuloweza zaka monga ambiri amaganizira akamachoka ku sekondale. Ntchito yake ndi kuyesa umboni. Amakupatsani kalata ya mkulu wa boma yolembedwa zaka 100 zapitazo, n'kukufunsani kuti analemba ndani, amalembera yani, amafuna chiyani, nanga anasiya dala kunena chiyani. Kalata yotere, kaundula wa msonkho, chithunzi, kapena mawu a munthu amene anaona yekha zinthu zikuchitika, zonsezi amazitcha primary source. Buku limene katswiri analemba pambuyo pake atawerenga zimenezo ndi secondary source. Mbiri yapakamwa nayo ili ndi njira zake zoiyesera, zimene katswiri wa mbiri yakale Jan Vansina anaziika m'buku mu 1961, ndipo madipatimenti ambiri ali ndi kosi yakeyake ya zimenezi. Konzekani kuwerenga masamba ambirimbiri sabata iliyonse ndi kulemba nkhani zazitali. Ngati buku limakugonetsani tulo pa tsamba lachisanu, kuno mudzavutika.

Pa zachilengedwe pali mbuna imene imagwetsa anthu ambiri. Environmental Science ndi Environmental Studies si chinthu chimodzi. Yoyambayo ndi sayansi: Biology, Chemistry, Physics pang'ono, masamu, labu, ndi kupita kutchire kukatenga dothi ndi madzi oti muyeze. Kawirikawiri imathera pa digiri ya sayansi yotchedwa BSc, ndipo polowera amafuna kuti munakhoza sayansi ndi masamu ku sekondale. Yachiwiriyo imaona chilengedwe kudzera mwa anthu: malamulo, chuma, kagwiritsidwe ntchito ka malo, mikangano ya madzi ndi nkhalango. Nthawi zambiri imathera pa digiri ya Arts yotchedwa BA, ndipo sayansi yake ndi yochepa. Amene akufuna kudzagwira ntchito yoyeza ukhondo wa madzi n'kutenga yachiwiriyi amazindikira mochedwa kuti olemba ntchito akufuna munthu amene anagwirapo zida za mu labu. Walira mvula walira matope: mukafuna yoyambayo, Chemistry simungaizembe.

Public Policy, maphunziro a ndondomeko za boma, imazungulira pa mafunso atatu: vuto lenileni ndi liti, boma lingachitepo ziti, ndipo tidzadziwa bwanji kuti zimene lachita zathandiza. Monga phunziro lapalokha ndi latsopano poyerekeza ndi History, ndipo ambiri amawerenga chiyambi chake kuchokera pa zimene katswiri wa ku America Harold Lasswell ndi anzake analemba mu 1951. Musaisokoneze ndi Political Science, imene imafufuza za mphamvu, zisankho ndi zipani, kapena Public Administration, imene imaona kayendetsedwe ka maofesi a boma tsiku ndi tsiku. Mu Public Policy mudzakumana ndi Economics ndi Statistics, mufune musafune. Zolemba zake ndi zazifupi: policy brief ndi kalata ya tsamba limodzi kapena angapo yolembera munthu wotanganidwa amene ayenera kugamula, ndipo maganizo anu amakhala pamwamba penipeni. Wophunzira History amazolowera kumanga nkhani pang'onopang'ono mpaka kumapeto, choncho akalowa kuno amadabwa akuuzidwa kuti ayambe ndi yankho.

2. Pezani buku la dipatimenti, osati kapepala kotsatsa malonda

Kapepala kokongola kokhala ndi zithunzi za ophunzira akusekerera pa kapinga sikakuuzani kanthu. Chimene mukufuna ndi handbook kapena course catalogue ya chaka chimene mukulowa, pomwe kosi iliyonse ili ndi nambala yake, ma credit ake, ndi zoyenera kukhala nazo musanailowe. Mayunivesite ambiri amaiika pa intaneti. Onetsetsani chaka chake, chifukwa malamulo amene amakumangani kawirikawiri ndi a chaka chimene munalowa.

Mawu ofunika kuwadziwa ndi awa. Core ndi kosi yokakamiza, simungamalize digiri popanda iyo. Elective ndi yosankha nokha, koma samalani: ina imasankhidwa pa mndandanda wa dipatimenti yanu yokha, ina mungathe kuitenga kulikonse. Prerequisite ndi kosi imene muyenera kukhoza kaye musanalowe ina. Co-requisite ndi imene muyenera kutenga nthawi imodzi ndi inzake. Major ndi phunziro lanu lalikulu, minor ndi laling'ono lotsagana nalo, ndipo double major kapena joint honours ndi pamene maphunziro awiri agawana digiri pafupifupi pakati. Manambala a makosi nawo amalankhula: m'mayunivesite ambiri nambala yoyamba ndi 1 ndi ya chaka choyamba, yoyamba ndi 3 kapena 4 ndi ya kumapeto.

3. Sandutsani ma credit kukhala maola

Credit si mphoto, ndi muyeso wa ntchito, ndipo mayiko amayeza mosiyana. M'mayiko ambiri a ku Ulaya amagwiritsa ntchito ECTS: chaka chimodzi ndi ma credit 60, ndipo credit imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito yonse, ya m'kalasi ndi ya panokha. Ku United Kingdom chaka ndi ma credit 120, imodzi maola 10. Ku United States digiri ya zaka zinayi imakhala ndi ma credit pafupifupi 120, kosi wamba ndi ma credit 3, ndipo amayembekezera kuti pa ola lililonse la m'kalasi muwonjezere maola awiri owerenga panokha.

Tengani kosi ya ma ECTS 5. Ndi maola 125 mpaka 150. Mukagawa pa masabata 14, akukwana maola pafupifupi 9 mpaka 11 pa sabata, pa kosi imodzi yokha. Makosi asanu ndi imodzi otere adya sabata yanu yonse. Cholakwa chofala ndi kuwerenga maola a m'kalasi okha. Kosi ya History ingathe kukhala ndi maola awiri okha pa ndandanda, munthu n'kumati ndi yopepuka, osadziwa kuti maola ena asanu ndi awiri ali mu laibulale. Kosi ya labu ndi yosiyana: maola ake ali poyera, masana onse athunthu, kuphatikizapo lipoti loti mupereke sabata yomweyo. Musaunjike makosi atatu a nkhani zazitali mu semesita imodzi, chifukwa masiku operekera amakonda kugwa sabata imodzi. Sakanizani: ya kulemba, ya masamu, ya labu.

4. Yambani ndi chaka chomaliza, mubwerere m'mbuyo

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, komanso ndi pamene anthu amataya chaka chathunthu.

Madigiri ambiri m'maphunziro atatuwa amathera pa kafukufuku wanuwanu, amene amamutcha dissertation, thesis kapena capstone project. Ndiye chinthu chokhacho chimene mudzaonetse wolemba ntchito kapena yunivesite ya Master's n'kunena kuti ichi ndinachita ndekha. Koma kafukufuku amafuna zida, ndipo zidazo zimatengedwa m'makosi olumikizana ngati tcheni. Mukaphonya mphete yoyamba chaka choyamba, yomaliza simudzaifikira.

Tengani pepala lalikulu, muligoneke m'mbali. Jambulani mizere yoligawa m'zigawo, chigawo chimodzi semesita imodzi: zisanu ndi zitatu ngati digiri ndi ya zaka zinayi, zisanu ndi chimodzi ngati ndi ya zaka zitatu. M'chigawo chomaliza, kudzanja lamanja, lembani funso limodzi limene mungakonde kufufuza. Lisakhale mutu wamba monga "kusintha kwa nyengo". Likhale funso loyankhika. Simukulumbira kuti mudzachita lomwelo, mukungofuna kuona zida zimene funso la mtundu umenewo limafuna.

Tiyerekeze kuti funso lanu ndi ili: n'chifukwa chiyani anthu amene boma linawasamutsa m'dera losefukira madzi amabwerera komweko? Kuti muliyankhe mukufuna zinthu zinayi. Choyamba, mapu oonetsa pamene madzi amafika komanso pamene nyumba zinali zaka zosiyanasiyana. Chachiwiri, kufunsa mabanja ambiri mafunso ofanana ndi kusanthula mayankho awo. Chachitatu, kucheza mozama ndi akuluakulu amene akudziwa mmene malowo anagawidwira kale. Chachinayi, kumvetsa lamulo la malo ndi ndondomeko yosamutsira anthu.

Tsopano chilichonse mwa zinayizi chipezereni kosi yake m'buku lija, muwerenge prerequisite yake, muilembe chigawo chimodzi kapena ziwiri kumanzere, mukoke muvi. Mapu ochokera ku zithunzi za satelayiti amaphunzitsidwa mu Remote Sensing, kawirikawiri chaka chachitatu. Iyo imafuna Introduction to GIS ya chaka chachiwiri. GIS ndi luso losanjikiza ziwerengero pa mapu pa kompyuta, ndipo kwina kuti muilowe amafuna kosi ya Geography kapena ya makompyuta ya chaka choyamba. Kusanthula mayankho a mabanja kuli mu Research Methods, imene imafuna Statistics, imenenso kwina imafuna masamu a chaka choyamba. Kucheza ndi akuluakulu kuli mu Oral History kapena Qualitative Methods. Lamulo la malo lingathe kukhala mu dipatimenti ya Law, ndipo iwo angafune Introduction to Law kaye. Pitirizani mpaka muvi uliwonse ufike pa kosi yopanda prerequisite.

Mukamaliza, werengani tcheni chachitali kuposa zonse. Ngati chili ndi makosi anayi, digiri ndi ya zaka zinayi, ndipo kosi iliyonse imaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, mungathe kupezeka kuti mulibe mpata wolakwitsa ngakhale kamodzi. Mukalephera Statistics chaka choyamba, mudikira chaka chamawa, Research Methods isunthira kutsogolo, kafukufuku nayenso asunthira kutsogolo, ndipo anzanu avala gauni inu mukadali m'kalasi. Kosi yoyamba ya tcheni chachitali itengeni pa mpata woyamba umene yapezeka, ngakhale ikhale yosakoma, ndipo ipatseni maola ambiri kuposa zinzake.

Pali zinthu zinayi zazing'ono zimene zimabisala m'mizere ya pansi pa tsamba. Prerequisite ina sifuna kungokhoza, imafuna giredi inayake, monga C kapena kuposerapo. Makosi a labu ya makompyuta amakhala ndi malo owerengeka, ndipo amayamba kupatsa eni dipatimenti, inu obwera ndi minor n'kukhala pa mzere wodikira. Makosi ena ndi ofanana kwambiri moti salola kuti onse awiri awerengedwe, monga Statistics ya a Economics ndi Statistics ya a Biology, ndiye mukatenga zonse mwataya ma credit pachabe. Komanso si Statistics iliyonse imene imatsegula khomo lililonse, choncho funsani kuti dipatimenti imene ili ndi kosi yapamwamba ija imavomereza iti.

Kafukufuku wofunsa anthu amafuna chilolezo cha komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha ofunsidwa, imene amati ethics committee. Chilolezocho chimatenga masabata, nthawi zina miyezi, ndipo zimene mwasonkhanitsa musanachilandire angathe kuzikana. Chilembeni pa pepala lanu ngati kosi, semesita imodzi kafukufuku asanayambe.

5. Onani ngati makosiwo alipodi

Kukhala m'buku si kuphunzitsidwa. Makosi ena amabwera chaka china n'kudumpha china. Ena amadalira mphunzitsi mmodzi, ndipo iye akapita ku tchuthi cha kafukufuku kosiyo imagona. Ena amathetsedwa olembetsa akachepa. Pemphani ndandanda ya nthawi ya zaka ziwiri zapitazi, muone makosi amene anaphunzitsidwadi. Onaninso kuwombana kwa nthawi: madipatimenti awiri sakambirana akamakonza ndandanda, ndipo labu ya masana onse imameza kosi iliyonse ya History kapena ya Policy yoikidwa masana omwewo. Amene akutenga double major ndiye amapsa kwambiri ndi vutoli.

6. Sankhani major imodzi, kwinako mukabwereke zida

Funso lija la poyamba limaganiza kuti mukatenga chimodzi ndiye kuti zinazo mwazitaya. Sizili choncho, ndipo ntchito zabwino zambiri zimachitikira pamene maphunzirowa akumana. Ku Kissidougou m'dziko la Guinea, kuyambira nthawi ya atsamunda a ku France, akuluakulu a boma ankakhulupirira kuti timagulu ta nkhalango tozungulira midzi ndi zotsalira za nkhalango yaikulu imene anthu anaiwononga, ndipo malamulo oletsa ndi kulipiritsa anthu anamangidwa pa chikhulupiriro chimenecho. Akatswiri ofufuza James Fairhead ndi Melissa Leach anayerekeza zithunzi zakale zojambulidwa pa ndege ndi za satelayiti, anawerenga zikalata zakale, anachezanso ndi akuluakulu a m'midzi. Zimene anafalitsa mu 1996 zinaonetsa kuti m'malo ambiri nkhalangozo anazimeretsa ndi anthu omwewo pozungulira midzi yawo, ndipo zinkakula m'malo mochepa. Wa sayansi yekha akanayeza mitengo molondola koma nkhani yake n'kuiwerenga chadodolido. Wa ndondomeko yekha akanakhwimitsa lamulo lolakwika.

Choncho ma elective anu musawamwaze pa makosi a "Introduction to" asanu osiyanasiyana. Pa transcript, chikalata cha makosi ndi magiredi anu, zimenezo zimaoneka ngati munthu amene analawa paliponse osakhuta. Bwerekani njira zogwirira ntchito, osati mitu yankhani, chifukwa nkhani mungathe kuwerenga nokha koma luso limafuna wokukonzani.

Ngati major yanu ndi History, tengani Statistics imodzi ndi GIS imodzi. Izi n'zimene zimakutsegulirani makomo a mabungwe ndi maofesi a kafukufuku, kuwonjezera pa uphunzitsi, nyumba zosungira zikalata zakale ndi nyumba zosungira zinthu zakale. Ngati nthawi kapena dera limene mukufuna kufufuza linalembedwa m'chilankhulo china, monga Chifalansa, Chipwitikizi kapena Chiarabu, yambani chilankhulocho chaka choyamba. Semesita imodzi sikwana kuwerenga kalata yolemba pamanja.

Ngati major yanu ndi zachilengedwe, funani kosi ya Environmental Impact Assessment (EIA) ndi ya Environmental Law. EIA ndi kuunika mmene ntchito yaikulu monga msewu, damu kapena mgodi ingakhudzire chilengedwe ndi anthu isanayambe. Inayambira ku United States ndi lamulo la NEPA limene linasainidwa pa 1 Januwale 1970, ndipo lero mayiko ambiri ali ndi lamulo lofanana nalo, n'chifukwa chake ntchito zambiri za omaliza maphunzirowa zili pamenepa. Onjezerani Environmental Economics ngati mpata ulipo. Kumeneko mudzakumana ndi Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009 poonetsa kuti anthu amatha kusamala okha chuma chogawana monga msipu, nsomba ndi madzi othirira akakhala ndi malamulo awoawo omveka.

Ngati major yanu ndi Public Policy, musaime pa Statistics yoyamba. Pitirizani mpaka kosi imene ili ndi regression (njira yoyezera mmene chinthu china chimasinthira limodzi ndi chinzake) ndi Programme Evaluation (kuunika zotsatira za ntchito ya boma kapena bungwe), chifukwa funso loti "kodi zathandiza?" limayankhidwa kumeneko. Kenako sankhani gawo limodzi loti mulidziwe mozama, kaya madzi, malo, mphamvu zamagetsi, umoyo kapena maphunziro, mutenge makosi awiri kapena atatu a gawo limenelo, kuphatikizapo mbiri yake. Wodziwa kusanthula ndondomeko koma osadziwa gawo lililonse amalemba zinthu zosalala zopanda mafupa.

Kunena zoona, double major imakometsa pepala kuposa mmene imathandizira. Imadya ma elective onse, ndipo mungathe kumaliza muli ndi ma core a mbali ziwiri koma mulibe kosi yapamwamba ya njira za kafukufuku ngakhale imodzi. Itengeni pokhapokha pepala lanu la mivi lija litaonetsa kuti zonse zikukwana.

Mukamawerenga tsatanetsatane wa kosi ya GIS kapena Statistics, onani ngati pali maola okhala pa kompyuta komanso pulogalamu imene amagwiritsa ntchito. QGIS ndi R ndi zaulere, mungathe kupitiriza nazo mutachoka pa yunivesite. ArcGIS, SPSS ndi Stata ndi zolipira. Zithunzi za satelayiti za Landsat, zimene zinayamba kujambulidwa mu 1972, zakhala zaulere kuyambira 2008, moti wophunzira wa digiri yoyamba angathe kuona mmene mtsinje kapena nkhalango yasinthira pa zaka zoposa 50. Kosi ya GIS yophunzitsidwa pa bolodi pokha si GIS.

7. Pitani ndi pepalalo kwa mlangizi wa maphunziro

Safunsa anadya phula, koma funso loti "nditenge chiyani?" limabweza yankho lopanda kanthu. Yalani pepala lanu patebulo, mufunse zinthu zogwirika. Kodi tcheni ichi ndachiwerenga bwino? Ndi kosi iti pano imene ophunzira ambiri amabwereza? Kodi iyi iphunzitsidwa chaka chamawa? Alipo mphunzitsi amene angayang'anire kafukufuku wa mtundu uwu? Kodi ulendo wa kutchire kapena internship (kukaphunzira ntchito pamalo a ntchito) zili ndi ma credit, nanga zolipira zake zili kale mu fizi kapena ndi zapadera? Ngati ndingafune kusintha major, khomo limatsekeka semesita iti?

Akakulolani chinthu chosiyana ndi zimene zili m'buku, monga kulowa kosi popanda prerequisite kapena kuika kosi ina m'malo mwa inzake, pemphani kuti akulembereni pa imelo kapena pa fomu yosainidwa. Amene adzawerengere ma credit anu pomaliza ndi a ofesi ya registrar, ndipo iwo amaona zolembedwa zokha.

Masabata oyambirira a semesita amakhala ndi nthawi imene amati add/drop, yoti mungathe kulowa kapena kusiya kosi popanda kuoneka pa transcript. Lembani tsiku lake lotsekera pamwamba pa pepala lanu. Sabata yoyamba lowani makalasi onse amene mukukayikira, mutenge course outline, muone mmene magiredi agawidwira pakati pa mayeso, nkhani ndi malipoti, mulembe masiku onse operekera ntchito pa kalendala imodzi. Mukaona atatu agwa sabata imodzi, siyani elective, osati kosi ya pa tcheni.